Mawu Oti Zili M'kati

Pa ntchito yathu saloleza kuuza munthu kuti chinthu chake chaima. Timakhala m'mizere, m'chipinda chachitali chozizira, pamwamba pa nyumba ina ya magalasi mu mzinda wa San Pedro Sula, ndipo amene timayankhula nawo pa foni ali ku America. Ndi anthu amene anagula filiji kapena makina ochapira zovala, koma katunduyo osafika pakhomo pawo. Amaimba atapsa kale mtima. Ife timawayankha m'Chingerezi, ndi mayina akwawo amene kampani inatigawira. Ine ndine Selvin, koma m'makutu mwa anthu amenewo ndine Steve.

Nditangoyamba, kapitawo wathu, mayi Yolany, anatiphunzitsa malamulo awiri. Loyamba linali la mawu: kwa kasitomala palibe chimene chimasowa, kulephereka kapena kuiwalika, chilichonse chimakhala chili m'njira, chili m'kati, chikuonedwa. Lachiwiri linali loletsa kukhala chete. Mafoni onse amajambulidwa, ndipo amene amawamvetsera pambuyo pake amalanga kukhala chete kuposa mwano. Tsono ukasowa chonena uzigogoda mabatani a kompyuta, ngakhale usakulemba kanthu, kuti munthuyo amve kuti penapake ntchito ikugwirika.

Mawu a Chingerezi onenera zinthu zimene zili m'kati ndinkawadziwa kuchokera ku koleji, kumene tinkawaloweza pokonzekera mayeso. Koma mmene amagwirira ntchito pa malo ano ndinamva kwa Ovidio, amene tebulo lake linagundizana ndi langa. Ovidio anakulira ku Houston, ku America komweko, n'kubwezedwa kuno imvi zitayamba, ndipo Chingerezi chake makasitomala sachikayikira.

"Tamvera kuno, mwana wa ku koleji," anatero tsiku lina pakati pa mafoni. "Ukati 'pending', ndiye kuti palibe amene wachikhudza. Ukati 'in progress', alipo amene anatsegula, n'kusuzumira, n'kupita kukadya. 'Underway' ndi lole imene dalaivala wake sanabadwe."

"Nanga 'ongoing'?"

"Eee, ameneyo ndiye bwana wa onse. Timamusungira filiji imene inagwera mumtsinje. Palibe amene adzaipeze, komanso palibe wololedwa kunena kuti inapita. Munthu umangomupatsa 'ongoing' mpaka atatopa yekha, aise."

Tinaseka motsitsa mawu, kenako foni yanga inalira.

Achimwene anga, a Osmán, ananyamuka ulendo wa ku America, wopanda mapepala, m'mwezi wa Febuluwale. Anali owotcherera zitsulo, ndipo pamene ankagwira ntchito panatsekedwa. Iwo ndi ine sitinkafanana: iwo ankalowa m'nyumba mawu atatsogola kale, pamene ine anthu amandizindikira nditakhala kale pansi. Ankanditchula kuti a Profesa. Pa siteji ya basi anandiuza kuti ndiwaphunzitse chizungu chonse basi isanadzaze, ndipo mawu ochepa amene ndinawapatsa ankawapotoza dala kuti mwana wawo aseke. Anasiya akazi awo, a Dilcia, ndi mwana wamkaziyo, Nohemy, m'nyumba ya amayi athu ku Chamelecón, mmene inenso ndimakhala. Ali m'njira ankatumiza mawu pa foni ya alamu angawo, ambiri odandaula za chakudya cha ku Mexico. Omaliza anachokera m'tauni ya m'malire. Ankati mawa awoloka mtsinje. Kuchokera pamenepo foniyo sinalandirenso kanthu.

Mvula itayamba kunabwera bambo wina wa m'tauni ya Choloma, dzina lake Rigoberto, amene anali m'gulu limodzi ndi achimwene. Iye anagwidwa tsidya lija n'kubwezedwa pa ndege. Anakana kulowa m'nyumba. Anaima pa geti chipewa chili m'manja. Anati atawoloka anayenda m'tchire la minga la m'mafamu a ng'ombe a ku Texas, madzi n'kuwathera. A Osmán anayamba kusanza, miyendo n'kuuma. Wowalondolera anati gulu silidikira munthu. Anawasiya atatsamira mtengo, ndi botolo limene munatsala madzi pang'ono.

"Ankayankhula?" anafunsa a Dilcia.

"Ankayankhula, mayi, koma osati ndi ife."

Amayi anamupatsa khofi pa geti pomwepo, n'kudikira kuti amalize. Atapita anatsuka kapuyo kawiri.

"Munthu uyu maso ake sakhazikika," anatero. "Anthu a ku Choloma ndimawadziwa ine. Wamuthawa mwana wanga, ndiye akufuna timuike m'manda kuti iye azigona tulo."

A Dilcia anamukhulupirira Rigoberto. Sanalire. Patapita masabata angapo anapempha kuti tichite novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi amene timachitira wakufa, mtembo ulipo kapena palibe. Kwathu kuno mkazi sachoka pa nyumba ya mwamuna wake mapemphero amenewa asanachitike. Akachoka, anthu amati wathawa mwamuna wamoyo, ndipo mbiri imeneyo imamutsata iye ndi mwana wake yemwe. Bambo awo a Dilcia, amene amalima khofi kumapiri a Santa Bárbara, anali atatumiza kale uthenga kuti chipinda chawo chilipo, abwere ndi mwana. Koma alamu anga ankafuna kupita monga wamasiye, osati monga wothawa.

"Pa nyumba pano sitiyatsira makandulo munthu wamoyo," anatero amayi. "Kumupempherera wamoyo ngati wakufa ndi kumukankhira komweko."

"Nanga ine ndikhale chonchi mpaka liti, amayi?"

"Wakuthamangitsani ndani? Mukugona panja?"

"Sindikunena za pogona."

"Selvin amadziwa chizungu. Aimbe foni kwa amene amafunafuna anthu kumeneko. Iwowo akasiya, ine ndidzamva. Osati za pa geti zija."

Onse awiri anayang'ana ine. Ndinati ndiimba.

Nambala ndinaipeza kwa gulu lina la azimayi amene ana awo anasowa m'njira yomweyo. Inali ya ofesi yaing'ono ya m'dera la mafamu aja. Ndinaimba Lachinayi pa nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa masitepe akumbuyo kumene anthu amasutira fodya. Anayankha mayi wa mawu otopa koma aulemu. Anandifunsa dzina la achimwene, msinkhu wawo, zimene anavala, ngati anali ndi chipsera kapena dzino loguluka. Ndinayankha zonse mwadongosolo, monga mmene ndimafunira kuti makasitomala azindiyankhira. Pomaliza anati nkhaniyi ailandira, ndipo ntchito yowafunafuna ndi 'ongoing'.

Mawuwo ndinawamva bwino lomwe. Sanandibaye, sanandidzidzimutse. Ndinathokoza, ndinadya theka la baleada, chitumbuwa chopyapyala chokulungamo nyemba, imene ndinagula m'mawa, nyemba zake zitazizira, n'kubwerera pa mpando wanga.

Kunyumba ndinamasulira monga mmene aphunzitsi anga akanavomerezera.

"Akuti akuwafunafunabe."

Amayi anachita chizindikiro cha mtanda. "Mwamva?" anatero osawayang'ana a Dilcia. "Akumufunafunabe."

Kuyambira pamenepo ndinkaimba sabata iliyonse, ndipo Lachinayi linakhala tsiku lalikulu la m'nyumba mwathu. Ndikatsika minibasi ndinkawaonera patali amayi ali pa geti, atavala epuloni, manja ali m'chiuno. Ndinkanena mawu omwewo, iwo n'kukawagawira oyandikana nafe monga amagawira mchere: kwa mayi wogulitsa mazira, kwa wansembe, kwa amene anawafunsa ndi amene sanawafunse. Anayambanso kudya bwino. Tsiku lina ndinawapeza akusita malaya a achimwene, n'kuwapachika motsatana mitundu yake.

Kwa a Dilcia masiku omwewo ankayenda mwina. Akavala zowala, azimayi a m'dera lathu ankati aiwala msanga. Akavala zakuda, amayi ankawafunsa kuti wamwalira ndani. Anayamba kuvala siketi imodzi yotuwa tsiku ndi tsiku, kuichapa madzulo n'kuivala m'mawa. Iwo ndi amayi sankakangana. Ankapatsana moni waulemu kwambiri, ngati anthu amene akumana pa mzere wa kuchipatala, ndipo aliyense ankaphika pa nthawi imene mnzake watuluka m'khitchini. Bambo awo akaimba kuchokera kumapiri, alamu ankakayankhira kuseri, ndipo chimene ndinkamva ine chinali chakuti, "Sizinatheke, ababa. Ayi, sanakane. Sizinatheke basi."

Miyezi imeneyo sindiikumbukira ngati nthawi ya chisoni. Ndinkadzuka, kusamba, kukwera minibasi, kuvala zomvera m'makutu. Mvula inkagwa masana n'kukata. Ndinkauza anthu a ku Ohio ndi a ku Georgia kuti mafiliji awo ali m'njira, ndipo Lachinayi wina ankandiuza ine zomwezo. Pa ntchito zinkandiyendera bwino kuposa kale. Mayi Yolany anatenga foni yanga ina imene inajambulidwa n'kukaimvetsera ongolembedwa kumene, kuti aphunzire mmene munthu amakhazikira mtima pansi kasitomala wolusa. Anati mawu anga sakwera, satsika, ndipo ndi amene kampani imafuna. Za achimwene ndinkaganiza monga mmene munthu amaganizira mwendo umene wachita dzanzi: ukudziwa kuti ndi wako, ukuuona, koma ukautsina sukumva kanthu.

Lachinayi lina, mayi uja atandiuza kuti ndidikire aone, ndinatchera khutu ku mabatani ake. Ankagogoda mosalekeza, liwiro lake limodzimodzi, osaima monga amaimira munthu amene akuwerenga chimene chatuluka, osabwerera monga amabwererera amene walakwitsa chilembo. Zala ziwiri, pa malo amodzi. Kagogodedwe kameneko ndimakadziwa. Dzanja langa lamanja limakachita lokha. Komabe ndinadziuza kuti sindinamuone ndi maso. Mwina ndi mmene amalembera. Mwina makompyuta a kumeneko amamveka choncho. Nditafika pa geti ndinanena mawu a masiku onse.

Lamulungu amayi atapita ku Misa, a Dilcia ankachapa pa thanki la kuseri. Anandiitana.

"Alamu, tabwerani mugwire uku tifinye. Manja anuwo akhudzeko madzi, asamangodziwa mabatani."

Ndinagwira mbali ina ya bulangete, tinayamba kupotokola.

"Mzungu wanu uja akuti chiyani sabata ino?"

"Monga kale."

"Monga kale. Mukudziwa kuti Nohemy kusukulu anamufunsa ngati ali ndi bambo? Akuti anayankha kuti dikirani Lachinayi, ndikafunse bambo aang'ono."

Madzi ankagwera pa mapazi athu.

"Ine ndinagulitsako nsapato m'tauni ndisanakwatiwe. Munthu akafuna saizi imene tilibe tinkalowa kumbuyo, kuima pang'ono, kusuntha makatoni kuti amve, n'kutuluka kuti bwerani mawa. Tandiuzani, alamu. Mawu amene amakuuzaniwo, inunso kuntchito mumawanena?"

"Timawanena."

"Pa chinthu chotani?"

Ndikanatha kuzemba, koma sindidziwa kunamiza munthu amene akundiyang'ana. Ndinawauza za filiji ya Ovidio, imene inagwera mumtsinje.

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Ndiye amuna anga ndi filiji."

"Sindikutero ayi. Kwathu ndi kampani. Kumeneko ndi ofesi ina. Mwina iwo akanena amanenadi."

"Mwina."

"Sindingawauze amayi chinthu chimene sindikuchidziwa."

"Koma mumawauza chimene simukuchikhulupirira, sabata ndi sabata. Iwo akunenepa nacho, ine ndikuuma." Anandilanda bulangete n'kuliponya pa chingwe. "Sindikuti muwaphe, alamu. Ndi amuna anga amene aja. Ndikanakonda atalowa pa geti apo ndi phokoso lawo lonse, ndiwatukwane bwinobwino. Koma kafunseni zenizeni. Chizungu chili ndi inu. Chikanakhala ndi ine, mzungu ameneyo akanandidziwa."

Lolemba pa nkhomaliro ndinamuuza Ovidio. Aka kanali koyamba kutchula za achimwene pa malo a ntchito. Anasiya kutafuna, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Miyezi yonseyi wakhala pambali panga osanena? Iwe m'mimba mwako muli loko, aise."

"Ndikufuna ndimufunse mayiyo mosazungulira."

"Sangakuuze. Nayenso ali ndi Yolany wake amene amamvetsera. Ukamufunsa ngati asiya, akupatsa 'ongoing' wina wothira shuga. Mafamu amenewo ndimawadziwa, mphwanga. Famu imodzi ungaikemo Choloma yense, malo n'kutsala, ndipo mageti ake ndi okhoma. Ofesi ngati imeneyo mwina muli anthu oti angakwane m'galimoto imodzi."

"Ndiye palibe njira."

"Ilipo. Munthu wa pa foni akafuna kunena zoona amatseka pakamwa. Sangamugwire ndi mawu, poti mawu palibe, amangomukalipira basi. Ine ndinachitapo kwa mkulu wina wa ku Ohio amene ankasunga mankhwala ake m'beseni la madzi oundana podikira filiji. Anandifunsa kuti, mwana wanga, kodi ndingogula ina? Ine zii. Anamva mkuluyo. Yolany anandidya wamoyo sabata yonse." Anayambanso kudya. "Umutchere funso loti akakhala chete akhale atayankha. Akakhala munthu, amva. Akakhala makina, wataya chiyani?"

Lachinayi kunali dzuwa. Pa masitepe panali atsikana awiri akusuta, ndipo ndinadikira kuti alowe. Anayankha mayi yemwe uja. Ananditchula dzina ndisanalinene, poti anali atazolowera mawu anga. Anati ndidikire aone, mabatani n'kuyamba.

Ndinamuuza kuti inenso ndimagwira ntchito ya pa foni, ndipo ndikudziwa kuti pali zimene munthu saloledwa kunena. Ndinati sindikufuna kumuika m'mavuto. Ndinati kunyumba kuli mkazi amene sakudziwa ngati ali pa banja kapena ndi wamasiye, ndiponso mayi wokalamba amene akusita malaya. Chiganizo chomaliza ndinali nditachikonzera m'minibasi, ndipo ndinachinena pang'onopang'ono kuti ndisachiphonye: ngati alipo munthu ngakhale mmodzi amene amatuluka kupita kumafamu aja chifukwa cha mchimwene wanga, anene mawu aja monga mwa masiku onse, ngati palibe, asanene kanthu.

Mabatani analeka.

Ndinamva fani ikuzungulira m'chipinda chimene sindidzachiona. Patali chitseko chinatsekeka. Ndinamva mayiyo akupuma. Ndinakhala ndikuyang'ana zotsalira za ndudu pa sitepe, ndikuganiza kuti mwina akungosankha mawu, mwina foni yaduka. Sinaduke. Kukhala chete kumeneko kunatalika kupyola kumene munthu angakuchite mwangozi, ndipo kunapitirirabe.

Kenako anafunsa, ndi mawu otsika, ngati pali china chimene angandithandize. Ndinati palibe. Ndinamuthokoza chifukwa cha nthawi yake ndi kumufunira tsiku labwino, mawuwo akutuluka okha mu ndondomeko imene tinaphunzitsidwa.

Ndinabwerera m'kati nthawi yopuma isanathe. Ovidio anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu pang'ono, iye n'kubweza maso pa kompyuta yake. Foni yotsatira inali ya bambo wa ku Georgia wofuna makina ake ochapira. Ndinamuthandiza monga mwa lamulo.

M'minibasi ndinaganiza modekha kuti palibe chondikakamiza kusintha mawu. Chimene chinachitika pa masitepe chinali pakati pa ine ndi mayi amene sadzafika ku Chamelecón. Ndikanatha kunena za masiku onse, amayi n'kudya bwino, sabata ina n'kudutsa, kenako ina. Ndinaganizanso za siketi yotuwa ija. Maganizo onse awiri anakhala nane mpaka pa siteji yathu, ngati anthu awiri osadziwana okhala mpando umodzi, ndipo ndinatsika ndisanasankhe.

Amayi anali pa geti. Ndinawapempha kuti tilowe. Sanasunthe msanga, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumaso, kenako anatsogola. A Dilcia anali pa tebulo akusankha nyemba, ndipo atationa anauza Nohemy kuti akasewere kwa anzake.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Palibe amene akuwafunafuna, amayi."

"Wanena choncho mzunguyo?"

"Sananene."

"Wati wamwalira?"

"Ayi."

"Wati asiya?"

"Sananene kanthu. Ndinamupempha kuti ngati palibe amene akuwafuna akhale chete. Anakhala chete."

Amayi anakokera mpando n'kukhala. "Ndiye munthu akasowa chonena, mwana wanga wafa? Mwina amameza malovu. Mwina bwana wake analowa."

"Mwina."

"Nanga miyezi yonseyi unkandiuza chiyani?"

"Mawu amene ankanena. Ndinkamasulira molondola. Koma mawu amenewo inenso ndimawanena tsiku lililonse, ndipo ndimadziwa pamene timawanenera."

"Iwe umanamiza anthu kuntchito kwako, ndiye ukuyesa dziko lonse ndi lotero."

Sindinatsutse. A Dilcia anali atasiya nyemba, manja ali pa tebulo, osakweza maso. Kunja wogulitsa nthochi anadutsa ndi ngolo yake akukuwa, mawu ake n'kuzimiririka kumunsi kwa msewu.

"Rigoberto ndi wabodza," anatero amayi pomaliza, mawu awo ali osalala. "Mzungu sananene kanthu. Watsala ndiwe. Ukunena ndiwe kuti mkulu wako wapita?"

Ndinafufuza mumtima mwanga kuti mwina mupezeka chondiletsa kapena chondikankha. Munalibe chilichonse.

"Ndikunena ndine."

"Chabwino. Ndinati ndidzamva, ndamva. Kawaitaneni a Clementina adzatsogolere. Koma dzina lake pakamwa panga silituluka. Akafika potchula wakufa utchula ndiwe, masiku onse asanu ndi anayi. Akadzabwera, udzamuuze wekha."

Tinayamba Loweruka, dzuwa litapendeka. A Clementina, amene amatsogolera mapemphero a maliro m'dera lathu lonse, anayala nsalu yoyera pa tebulo, n'kuikapo mtanda, chithunzi cha achimwene cha pa ukwati, makandulo ndi tambula ya madzi. Anthu anadzaza pabalaza mpaka pakhonde. Ambiri anali omwe aja amene amayi ankawauza sabata ndi sabata kuti mwana wawo akumufunafunabe, ndipo polowa sankadziwa chonena. Ankangowagwira dzanja n'kudutsa. Amayi sanavale zakuda. Anakhala kukhitchini ndi mapoto a khofi, chitseko chili chotsegula.

Kolona inayenda. A Clementina atafika pa malo otchula wakufa anaima, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Ndinaimirira, ngakhale panalibe amene anandiuza kutero.

"Osmán Adalid Membreño," ndinatero.

Anthu anayankha, mapemphero n'kupitirira. A Dilcia anagwada n'kutsamiritsa chipumi pa tebulo, mapewa awo akugwedezeka, ndipo azimayi awiri oyandikana nafe anawagwira. Nohemy ankayang'ana ine. Ndinakhala pansi.

Titamaliza, amayi anatuluka ndi thireyi ya makapu ndi mabanzi. Anagawira akuluakulu poyamba. Atafika pa a Dilcia anaima.

"Tsiku lakhumi Selvin akuperekezani ku basi ya ku Santa Bárbara," anatero. "Mukawauze bambo anu kuti mwachoka bwino. Mwanayu azibwera pa tchuthi."

"Zikomo, amayi."

"Imwani asanazizire."

Anadutsa pamene ndinakhala osandipatsa kapu. Ali pakhomo la khitchini ananena, nkhope ili kwina, kuti abambo a pakhonde sanalandire, ndipo poto wamkulu ndi wolemera. Ndinapita kukanyamula.